Hairhan Wake Uti?

Dzina la apongozi anga aamuna simulimva kwa ine, ndiye musadikire. Kwathu kuno mkazi akakwatiwa satchula dzina la bambo a mwamuna wake, ngakhale mawu ongofanana nalo amawalambalala. Dzina la phiri lathu simulimvanso, chifukwa phiri silitchulidwa likukuona. Timangoti Hairhan, kutanthauza Wachifundo, basi. Tsono tsoka langa ine Pagma n'lakuti mayina awiriwa ndi dzina limodzi. Apongozi anga anabadwira patsinde pa phirili, ndipo mayi awo anangobwereka dzina la phirilo n'kupatsa mwana. Akuti ankamuitana mokuwa kuti alowetse ana a nkhosa, anthu akawadzudzula iwo n'kumati, "Ine ndikuitana mwana wanga. Phiri si chitsiru, likudziwa kuti sindikunena ilo."

Mayiwo anamwalira kalekale, ine ndisanabwere. Chibwerere changa sindinamvepo munthu akutchula dzinalo pakhomo pano. Mwamuna wanga Sodnom amati Bambo, ine ndimati Bambo, ana amati Agogo, ndipo anzawo a msinkhu wawo anatha onse kupita. Sizinandivutepo mpang'ono pomwe, mpaka pamene anthu a mafoni anatisokoneza.

Kale tinali ndi nsanja ziwiri za mafoni, kampani iyi yake, inayo yake. Ya kumadzulo inkaponya netiweki mpaka pamzati wa khola lathu la nkhosa, pamzati umodzi wokhawo. Sodnom anakhomapo msomali n'kupachika kathumba, foni inkakhala m'menemo. Ikalira umathamanga, n'kulankhula utakwera pa ndowa yovundikira. Zinali zoseketsa, koma zinkayenda. Ya kum'mawa inkapezeka ukafika kuchitsime. Ina ikafa inzake inkagwira, n'chifukwa chake aliyense kuno ali ndi layini ziwiri m'foni imodzi.

Chaka chatha kunabwera anyamata a zisoti zachikasu. Akuti makampani aja agwirizana, azigwiritsa ntchito nsanja imodzi. Anazula ziwiri zija n'kuimika chinsanja chachitali kuseri kwa Hairhan, kumene kumadutsa malori a malasha. Ndinawapatsa tiyi ine, ndi manja angawa, wina n'kumandiuza akupukuta mkaka pamlomo kuti, "Muona amayi, netiweki ichita kusefukira." Inasefukiradi, kwa madalaivala a malori. Kuno phiri linatchinga yonse. Kathumba kaja kakadali pamsomali, chaka chino mbalame yamangamo chisa. Ukafuna kuimba uyenera kukwera mpaka paphewa la phiri, pamulu wa miyala ya nsembe, pamene kansonga ka nsanja kamaonekera. Layini ziwiri zija tsopano n'zokongoletsa chabe. Zimadya pa sola imodzi, dzuwa likabisala zimafera limodzi.

Apongozi anga anangoti, "Abaya chitsulo pamsana pa Hairhan. Chabwino." Iwo foni sanaikhudzepo chibadwire. Ankati munthu wolankhula ndi dzanja lake mutu wake suyenda bwino.

Tsikulo linali la m'nyengo yoswa nkhosa, mphepo ya fumbi itayamba. Sodnom anali atapita kutauni pa njinga yamoto kukagulitsa ubweya wa mbuzi, ana ali kusukulu yogonera komweko. Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi Bambo, ndi nkhosa zimene zinkaswa usana ndi usiku ngati zapangana.

M'mawa ndinawiritsa tiyi wa mkaka, n'kuthira mchere wambiri monga amakondera, koma sanatuluke m'kanyumba kawo. Munthu amene amadzuka agalu asanadzuke! Ndinakaima pakhomo n'kutsokomola.

"Bambo, tiyi akuzizira."

"Imwa wekha."

Ndinalowa. Anali atadzipinda pabedi, maondo kuchibwano, nkhope ili mbuu ngati phulusa. Pansi panali beseni, anali atasanza zobiriwira. Dzulo lake ndinawaona akunyamula okha thumba la chakudya cha ziweto. Ndinawaletsa, anandiyankha kuti ndidikire mwamuna wanga abwere ndikaletse iyeyo.

"Ndi mpweya chabe," anatero. "Usanditong'olere maso choncho. Pita ku nkhosa."

Ndinawapatsira kabotolo kawo ka fodya wa m'mphuno. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Apo m'pamene ndinadziwa kuti zavuta. Munthuyu anathyokapo mwendo atagwa pa hatchi, chinthu choyamba kufunsa chinali kabotoloko.

Ndinamanga chishalo pahatchi yanga, n'kuika foni pachifuwa m'kati mwa mkanjo kuti batire lisazizidwe, uyo kuphiri. Nditafika pamulu wa miyala ndinaponyapo mwala wanga mofulumira, n'kutembenukira kukansonga ka nsanja. Timizere tiwiri. Ndinayamba ndi Sodnom. Kamayi ka m'foni kaja kanandiuza mwaulemu kuti munthuyo sakupezeka. Ndinamulembera kuti Bambo adwala, abwere msanga, kenaka ndinaimba kuchipatala chathu cha kuboma.

"Kuchipatala kuno, tikuthandizeni."

Mawu sanali amene ndimayembekeza. Zaka zonsezi foni imeneyi ankayankha ndi mayi Dolgor, namwino amene anandichiritsa ana anga onse. Iwo ukangotsokomola ankadziwa kuti ndiwe ndani, ndipo uli dambo liti. Awa anali mawu a kamtsikana, olankhula mothamanga ngati a kulikulu ku Ulaanbaatar.

"Mayi Dolgor ali kuti?"

"Anapuma ntchito. Ine ndine namwino watsopano. Vuto n'chiyani, achemwali?"

"Ndine Pagma, mkazi wa Sodnom. Bambo adwala kwambiri. M'mimba mwauma gwaa, akusanza zobiriwira. Tumizani galimoto chonde."

"Dzina la wodwala?"

Ndinakweza maso. Phiri linali pamphumi pangapa.

"Ndi apongozi anga. Bambo ake a Sodnom."

"Sodnom wa ndani?"

Abale inu. Kuno munthu amadziwika ndi dzina la bambo ake, ndiye kamtsikanako sikanalakwe kufunsa. Koma kanali kakufunsa mawu omwe aja, kungoti kalowera khomo lina.

"Sodnom wa patsinde pa Hairhan," ndinatero. "Dalaivala akudziwa."

"Hairhan. Chabwino, ndikutu... gali... ka..."

Mphepo inawomba, mawu anaduka. Koma ndinali nditamva chabwino uja, ndipo ndinatsika mtima utakhalako pansi. Munthu asandiweruze pamenepa. Ine ndinakwatiwa kuno ndili mtsikana, ndakamira ng'ombe pansi pa phiri limeneli mpaka tsitsi layamba imvi. Ndikati Hairhan, m'mutu mwanga mumakhala phiri limodzi lokha.

Kunyumba ndinapeza nkhosa ina ikuvutika kuswa, mwana atatsogoza mwendo umodzi. Ndinapinda malaya n'kuithandiza, maso ali kumwera kumene galimoto imatulukira. Masiku abwino umaona fumbi lake likadali kutali, mpaka umatha kuwiritsa tiyi isanafike. Tsikulo dziko lonse linali fumbi. Chilichonse chinkaoneka ngati galimoto. Galu akauwa ndinkathamangira panja, n'kupeza akuuwa chitsamba chogubuduka ndi mphepo.

Ndinawotcha mchere n'kuukulunga m'kansalu kuti Bambo aike pamimba. Sanafune n'komwe kuti kawakhudze.

"Unapita kuti m'mawa?" anafunsa.

"Kukaimba kuchipatala."

"Wakutuma ndani? Kukabwebweta pamaso pa Hairhan ndi kachidole kakoko."

"Galimoto ikubwera, Bambo."

"Idzandipeza nditachira, muchite manyazi nonse."

Ndinakondwa kumva akundinyoza, chifukwa munthu wonyoza amakhala akadali ndi mphamvu. Koma dzuwa linafika pamutu, n'kupendeka, galimoto osaoneka. Kunyoza kuja kunatha. Milomo inauma, ankapuma pang'onopang'ono ngati mpweya ukuwabaya. Ndinawanyowetsa pakamwa ndi supuni, madziwo anabwerera.

Kenaka anandiitana ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Mwanawe, mkanjo wanga wabuluu uli pansi pa bokosi. Usautenge wofiirira uja, uli ndi chigamba. Hatchi yamathothomathotho ija mum'patse mdzukulu wanga wamkazi, wamwamunayo ali ndi dzanja lolemera."

"Bambo, mukunena chiyani?"

"Ndikunena za hatchi. Kodi wagontha?"

Ndinasonkhezera moto ndi ndowe zouma, ndinawafunditsa chikopa, n'kutuluka osawayang'ananso. Ndikanawayang'ana sindikanachoka.

Ulendo wachiwiriwu kumwamba kunali kofiirira, dzuwa likuoneka ngati mbale yakale ya chitsulo. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Tsiku lotere sola ya pansanja siidya kanthu, ndipo madzulo asanafike nsanjayo imagona. Ndinamenya hatchi yanga, nyama yosalakwa, mpaka pachikweza inangoima n'kutembenuzira matako kumphepo. Ndinatsika n'kuikoka. Mchenga unkandilowa m'mano.

Pamulu wa miyala ndinatulutsa foni. Palibe kamzere n'kamodzi komwe. Kansonga ka nsanja sikankaoneka m'fumbimo. Ndinasinthira ku layini inayo, mwachizolowezi chabe, ngati chitsiru. Zii. Ndinatukwana anyamata a zisoti aja, ndinatukwana tiyi amene ndinawapatsa, ndi ng'ombe imene inatulutsa mkakawo. Ndinakweza foni m'mwamba, ndinayenda cha uku ndi cha uku, ndinakwera pahatchi n'kuimirira pazopondera za chishalo, dzanja lili tolotolo m'mwamba. Ndikanaonedwa ndi munthu akanati Pagma wazungulira mutu.

Kamzere kamodzi kanaphethira, kanazima, kanabweranso. Ndinaimba ndili chiimirire pahatchipo, osayerekeza kusuntha ngakhale chigongono.

"Ndi inu kodi?" anatero namwino uja, ndisanamalize n'kupereka moni. "Mwatiseweretsa bwanji, achemwali? Galimoto yafika kalekale kwa Sodnom wa pa Hairhan. Apeza bambo ake ali bwinobwino, akunola mpeni panja. Adokotala angondiimbira kumene, akwiya zedi."

"Kuno sikunafike galimoto!"

"Dalaivala wathu Chuluun akuti Hairhan amamudziwa, anakulira pansi pake. Akuti njira yake angayende atatsinzina."

Mayo ine. Chuluun ndinkamudziwa pang'ono, mwana wa anthu a kumpoto, kutsidya kwa mtsinje. Nawonso ali ndi phiri lawo, ndipo nawonso salitchula. Kulinso Sodnom kumeneko, wamfupi, woweta ngamila. Galimoto inali itapita mbali ina ya dziko, tsiku lonse ine ndikuyang'ana kumwera.

"Si ameneyo! Ameneyo ndi Hairhan wawo. Ine ndikunena wathu!"

"Hairhan wake uti tsono?"

"Wokhala ndi nsanja yatsopano."

"Nsanja zatsopano anamanga pamapiri angapo chaka chatha. Wa Chuluun alinso nayo, n'chifukwa chake akutha kundiimbira."

"Kumene kumadutsa malori a malasha."

"Achemwali, ine ndabwera mwezi watha. Malori sindikuwadziwa. Pakhoma pano pali mapu, pali mayina a mapiri onse, koma Hairhan palibepo. Galimoto ikadali komweko, ikudikira ine. Ingonditchulirani dzina la phiri, kapena la wodwala. Chimodzi chokha."

"N'chimodzi chomwecho!"

"Mwati bwanji?"

"Dzina la phiri ndi la wodwala n'limodzi. Ndi apongozi anga, mwana iwe, kodi kwanu kulibe apongozi? Ndikulembera uthenga."

"Foni ino ndi ya patebulo, siilandira mauthenga."

"Ndipatse nambala ya dalaivala."

Anayamba kutchula, koma manambala ankafika odukaduka, ena n'kumira m'mphepo. Ndinamuuza abwereze, anabwereza, anadukanso pena. Ndinachotsa foni pakhutu kuti ndione. Kamzere kaja kankaphethira ngati nyali yatha mafuta.

"Tamvera," ndinatero, "dzina lake limatanthauza mwayi. Chinthu chobwera ndi mwayi. Taganiza, uli ndi sukulu iwe."

"Pamapu pano mapiri a mwayi ndi madalitso ndi ambirimbiri. Ino si nthawi ya ndagi, achemwali. Ngati wodwalayo akusanza zobiriwira kuyambira m'mawa, matumbo apotana. Sadikira mawa ayi."

Sanakuwe ponena zimenezi, ndipo n'chimene chinandiopsa. Ndinayang'ana phiri. Nsonga yake inkaoneka mwa apo ndi apo m'fumbimo, nsalu zabuluu za pamulu wa miyala zikukupiza phaphapha. Amayi anga anandiuza tsiku la ukwati wanga kuti mtengwa wa pakamwa polekerera amaitanira tsoka pakhomo la eni. Apongozi anga omwewo anam'menyapo khofi mdzukulu wawo, mwana amene amam'konda kuposa maso awo, chifukwa anawerenga dzina la phiri mokweza m'buku la kusukulu. Ndinaganiza za mkanjo wabuluu uja pansi pa bokosi.

Ndinalitchula. Chapansipansi, dzanja nditaphimba pakamwa.

"Sindikumva!"

Ndinalitchulanso, mokwezako.

"Mphepo yachuluka, achemwali, kwezani ma..."

Basi ndinakuwa. Ndinakuwa ndi mimba yonse, mmene ndimakuwira ng'ombe zikalowera kutsidya. Ndinakuwa kachiwiri, kachitatu, sindidziwa kangati, maso nditatsinzina, misozi ikusanganikirana ndi mchenga. Hatchi inadzidzimuka, ndinatsala pang'ono kugwa. Mawuwo anamenya miyala n'kubwerera kwa ine, dzina lija, m'mawu angaanga.

Nditatsegula maso foni inali chete. Pakona pamene pamakhala timizere panali pa mbee. Sindinadziwe kuti inaduka liti, ndisanakuwe kapena nditakuwa. Ndinayesanso kuimba, ndinayesa layini inayo. Nsanja inali itagona.

Ndinayamba kutsika phiri. Ndinali nditachita chinthu choopsa pamaso pa phiri, ndipo mwina ndinachichita pachabe, kukuwira foni yakufa. Ndili pakati pa njira m'pamene ndinazindikira chinanso. Mphepo inkachokera kuphiri kutsikira kunyumba kwathu, ndipo makoma athu ndi nsalu ya ubweya chabe.

Ndinawapeza ali chagada, maso ali pa kabowo ka padenga. Anali moyo. Sanandifunse kumene ndinapita, sananyoze, sananditembenukire. Ndinagwada pambaula n'kumasonkhezera moto umene unali kuyaka kale bwinobwino. Ndinkafuna anene kanthu, ngakhale kunditukwana. Panja ana a nkhosa ankalira njala, ine osatha kudzuka.

Sindidziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Dzuwa linali litatsika ndithu pamene galu anauwa kuuwa kwina, kwa mlendo. Sindinathamange, ndinali nditanamizidwa kokwanira tsiku limenelo. Kenaka ndinamva chitseko cha galimoto, phwaa.

Adokotala anali mnyamata wamtali, anagunda mutu pakhomo polowa. Asanapereke n'komwe moni anafunsa kuti, "Kodi a uje ndi amenewa?" Anatchula dzina lonse, mokweza, ngati akuitana munthu pamzere wa jekeseni. Maso a Bambo anachoka padenga pang'onopang'ono n'kudzatera pa ine. Ndinayang'ana pansi.

Chuluun analowa pambuyo, chipewa chili m'manja. "Pepani achemwali," anatero. "Mukanangonena kuti Hairhan wanu. Ine akati Hairhan ndimadziwa wathu."

"Inenso," ndinatero. Ndinalibe mphamvu zokangana naye.

"Namwino akuti khutu lake likulirabe. Akuti anamva komaliza kokha, foni n'kuduka," anawonjezera Chuluun.

Adokotala anagwira pamimba, Bambo anabuula kamodzi kokha n'kuluma mano. Anawabaya jekeseni, anawaika diripi, n'kunditulutsira panja.

"Matumbo apotanadi. Kwathu sitingathe, tikupita nawo kuchipatala chachikulu kutauni. Tachedwa, mayi."

"Achira?"

"Tiyesa."

Tinawanyamula pabulangete. Anali opepuka, munthu amene dzulo lake ananyamula thumba lonse. Sindikanatha kupita nawo, nkhosa zoswa sungazisiye zokha ngakhale usiku umodzi. Ndinawaikira kabotolo ka fodya m'manja. Anakagwira, koma kwa ine sananene kanthu. Mkanjo wabuluu sindinautulutse, ndinakana dala. Galimoto inalowa m'fumbi n'kusowa.

Ndinayamwitsa ana a nkhosa amasiye, ndinakama ng'ombe, manja akugwira okha ntchito. M'mutu munali chinthu chimodzi. Akamwalira, adokotala adzati ndi matumbo. Koma ine ndidzadziwa chimene ndinakuwa paphiri, Chuluun adzafotokoza nkhaniyi paliponse pamene adzamwe tiyi, ndipo achemwali ake a Sodnom adzandiyang'ana pamaliro. Ndiponso adzapita atandikwiyira, osandiuza ngakhale mawu amodzi.

Kutacha kunja kunayera, mphepo itatha. Ndinatenga mkaka woyamba wa m'mawa m'kabotolo n'kukwera. Ndinauwaza kuphiri, ndikupepesa ndi mawu amene ndinawapeza. Foni inayamba kulira m'chifuwa ndisanamalize. Anali Sodnom. Uthenga wanga unam'peza panjira, anabwerera kutauni n'kukawadikira pachipata cha chipatala.

"Awachita opaleshoni," anatero. "Adula kachidutswa ka thumbo. Sanatsitsimuke."

"Adokotala akuti chiyani?"

"Akuti tidikire. Nanga galimoto inachedwa bwanji, Pagma? Akuti inasochera."

"Ndidzakuuza ukabwera."

Ndinadikira pamulu wa miyala mpaka kulira kwa nkhosa kunandiitana. Masana ndinakweranso, palibe chatsopano. Madzulo ndinakweranso, nsanja inali itagona. Hatchi inafika pondithawa ikandiona ndi chishalo.

M'mawa wotsatira ndinakwera wapansi. Sodnom anayankha kulira koyamba, ndipo ndinamva phokoso kumbuyo kwake, munthu akudandaula ndi mawu osasa.

"Atsitsimuka," anatero, akuseka ndi kulira pamodzi. "Akukangana ndi anamwino, akuti akufuna tiyi wa mchere, iwo akuwakaniza. Dikira. Akuti akufuna iwe."

Ndinakhala pansi pamwala. Ndinamva Sodnom akuti, "Ayi Bambo, mwaigwira mozondoka. Apa m'pakhutu. Musakuwe, akumva."

"Mwanawe!" Anakuwabe. "Uli m'menemu?"

"Ndili muno, Bambo."

"Nkhosa yakuda ija yaswa?"

"Yaswa. Mapasa."

"Hm." Anapuma kwa kanthawi, ndinkamva mpweya ukuvuta. "Ndinakumva."

Ndinagwira mwala ndi dzanja linalo.

"Ndinali nditayamba kupita, ine. Kunali bwino, ululu utatha. Ndiye ndikumva munthu wamkazi akundiitana kuchokera kuphiri. Ndinati ndi amayi, ndachedwa kulowetsa ana a nkhosa. Ndinati ndidzuke ndipite." Anatsokomola, Sodnom akuwauza kuti apume kaye. "Ndisiye iwe. Ndiye ndinamvetsera bwino. Ndinati ayi, amayi anali ndi mawu okoma. Uyu akulira ngati khwangwalayu ndi mkazi wa Sodnom. Ndinati ndidikire kaye, ndione kuti wapenga ndi chiyani."

"Pepani, Bambo. Panalibe njira ina. Ndawaza mkaka."

"Wachita bwino kuwaza. Usadzabwerezenso."

"Sindidzabwereza."

Kenaka analankhulanso, osakuwa tsopano, ngati akubisira mwana wawo amene anali pambali pawo pomwepo.

"Koma tsiku lija mphepo inachuluka, sindinamve bwino. Papita zaka zambiri, mwanawe, chinditchulire munthu pakhomo panga. Tanenanso kamodzi kokha. Ukuitana ine, phiri likudziwa."

Ndinachotsa foni pakhutu n'kuiyang'ana, kuti mwina netiweki indipulumutsa monga imachitira masiku onse. Timizere tonse tinali todzaza, koyamba chimangire nsanja ija. Ndinapukuta mphuno ndi mkono wa mkanjo, ndinafulatira phiri, ndipo ndinawaitana.

"Ee," anayankha. "Ndili pano."